Polishi pa Bwalo la Volebo

Ine masamu ndinkalephera mochititsa manyazi mtundu wonse. Aphunzitsi akamabweza mapepala, langa ankaligwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Koma mundipatse mapointi a volebo, mundipatse maseti, mundiuze wapambana ndani, wagonja ndani, pamenepo ndiye mutu wanga umayaka ngati mbaula. Ndimatha kukuuzani timu yomwe idzakhale pamwamba osewera ake asanabadwe. Chabwino, ndawonjezako pang'ono. Kunyumba amati ndikanena kuti ndaona njoka, muzikafuna chingwe cha nsapato. Koma nkhani iyi ndi yoona, maondo angawa ndi mboni.

Chinali chaka chomwe ndinalemba mayeso a fomu folo. Titamaliza ndinangokhala phwii pakhomo ku Chikamveka, kudikira zotsatira, kutsuka mbale zomwezomwezo mpaka maluwa ake kufufutika. Achemwali anga opondana nane anali m'chaka chomaliza pa kakoleji kena konkuno ku Zomba, ndipo ndiwo anali kaputeni wa timu ya atsikana ya volebo. Munthu wamtali zoopsa. Akalumpha pa neti, akhwangwala amayamba akhota.

Mpikisano wake unkayenda chonchi. Makoleji asanu ndi atatu a chigawo chathu chino ankasewera mozungulira, aliyense kukumana ndi mnzake. Pamapeto komiti inkasanja anayi apamwamba, uyu woyamba, uyu wachiwiri, mpaka wachinayi, ndipo anayiwo ankathana Loweruka limodzi. Tsono lamulo lokoma linali ili: amene waikidwa pa nambala wani ndiye amalandira anzake pa bwalo lake. Enawo akwere basi.

Kwa anthu ena imeneyo inali nkhani ya ulemu chabe. Kwathu inali nkhani ya ababa.

Ababa anali ocheka matabwa kuphiri. Volebo m'nyumba mwathu anaibweretsa ndi iwo. Tili ana anatsitsa mapolo awiri a paini pa njinga, n'kuwazika kuseri kwa nyumba, n'kumangapo neti ya udzudzu yothaitha. Akaweruka ankakhala pa chitsa, utuchi uli m'tsitsi, n'kumakuwa mawu amodzi okha: "Kweza! Kweza!" Lamulo lina lililonse sankalidziwa. Kwa iwo mpira ukakhala m'mwamba zinthu zili bwino, ukagwa pansi wina walakwa. Koma achemwali atalowa koleji n'kuyamba kusewera zenizeni, za yunifolomu ndi wezulo, ababa sanawaonepo. Poyamba inali ntchito, phiri silidziwa Loweruka. Kenako inabwera sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu anayamba kutuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi mwezi wa Okutobala. Masewero onse a pakhomo a chaka chimenecho anadutsa iwo ali chigonere. Pomwe ankayamba kukhala tsonga pampando, kunali kutatsala ndime yomaliza yokhayo, ndipo achemwali akatha imeneyo, basi, volebo ya koleji yatha.

Za minibasi musanene n'komwe. Ulendo wa kuchipatala, pafupi pomwepa, unkafuna anthu atatu ndi pemphero. Wa ku Blantyre, mothithikana ndi anthu ndi matumba a kabichi, sakanafika ngakhale pa Namadzi. Ndiye zinali poyera. Mpikisano ukapita kwina, ababa sadzawaona achemwali akusewera. Ukabwera ku Zomba, njinga imodzi ya kabaza yakwana.

Ndinatsitsa kalendala ya kutchalitchi pakhoma, n'kuitembenuza, n'kujambula mizere kuseri kwake. Timu iliyonse mzere wake: mapointi, maseti opambana, maseti otaya. Zotsatira ndinkazifukula pa foni ya achemwali akalowa kubafa. Posakhalitsa ndinkadziwa kuti womenya wamphamvu wa ku Mulanje wabinya chala, kuti a ku Mangochi akafika kozizira manja amauma, kuti a ku Blantyre amayamba mwaulesi n'kumadzuka seti yachitatu. Amayi akafuna kudziwa tsiku ankachita kundipempha kuti nditembenuze kaye.

Masewero a mozungulira atatha, ndinapita ku koleji ndi kalendala yanga m'khwapa. Ndinapeza maliro. Atsikana anali atakhala pansi pa mtengo wa jakaranda, mitu ili pansi. Akochi awo, bambo wochepa thupi wa kapusi yomwe sinachokepo pamutu chibadwire, ankangotafuna chingwe cha wezulo.

"Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Iwe, pita kunyumba," anatero achemwali. "Tafanana mapointi ndi a ku Blantyre. Ndipo paja anatikwapula. Akulandira ndi iwowo."

"Tikulandira ndife."

Akochi analavula chingwe. "Mwana iwe, komiti siyang'ana nkhope. Matimu akafanana, amaona kuti atakumana anagonja ndani. Tinagonja ndife."

"Akochi, pepala la malamulo lija muli nalo?"

Analitulutsa m'thumba la kumbuyo, lofewa ngati tsamba la fodya.

"Tatembenuzani."

"Kuseri kulinso zolemba?"

Miyezi inayi munthu akukhalira pepala, kuseri kwake osakuonako. Kumeneko ndiye kunali lamulo lenileni: mapointi akafanana, amawerenga kaye maseti, omwe mwapambana ndi omwe mwataya. Za kuti anakwapula ndani zimabwera pambuyo. Ine ndinaliona kalekale, chifukwa pepala la achemwali linafika kunyumba litakulunga zitumbuwa, ndipo chilichonse chokhudza chakudya ndimachiwerenga mbali zonse.

Ndinayala kalendala pansi, miyala m'makona. Ife tikapambana tinkapambana mwachangu, atatu kwa ziro, tizipita. A ku Blantyre, ndi ulesi wawo uja, ankataya seti imodzi apa, awiri apo. Kuphatikiza zonse, ife tinali titataya ochepa.

"Ndiye mvetserani, ndinena kamodzi," ndinatero nditakwera pa benchi. "Woyamba Zomba. Wachiwiri Blantyre. Wachitatu Mulanje. Wachinayi Mangochi. Bwalo ndi ili mukulionali. Ndikalakwitsa, mudzandimete mpala ndi chibenthu cha botolo."

"Uyu si uja anapeza naini pa handiredi pa masamu?" anafunsa mtsikana wina.

"Anali leveni. Ndipo aphunzitsi ankandida."

Pobwerera kunyumba achemwali anandikoka khutu. "Ababa usawauze kaye. Komiti isananene, palibe chomwe chachitika."

"Eya," ndinatero. Ndinali nditawauza kale m'mawa womwewo, ndisanatuluke n'komwe pakhomo. Masiku awiri otsatirawo ndinawerenga maseti aja maulendo chikwi, dzanja limodzi litagwira tsitsi langa.

Lolemba uthenga wa komiti unalowa pa foni ya akochi. Zomba, Blantyre, Mulanje, Mangochi. Mzere ndi mzere, ngati anachita kukopera kalendala yanga. Atsikana anandiponya m'mwamba mpaka ndinaona nyanja ya Chilwa. Koma m'munsi mwa uthengawo munali kamchira: Lachinayi kubwera munthu wa komiti kudzayendera bwalo, ndipo likapezeka losayenera, mpikisano upita kwa nambala thu.

"Palibe vuto," anatero akochi. "Konkire wathu ndi wabwino. Lingosesedwa basi. Kungoti Lachitatu timu ikukathamanga kuphiri, ndiye sindikudziwa..."

"Ndisesa ine," ndinatero. Munthu ukangokhala mneneri umafuna kugwira zonse.

Apa ndi pomwe pakamwa panga panandigulitsa. Ndikanangonena kuti, amayi, ndibwerekeni tsache. Koma ine mawu ang'onoang'ono amandiyabwa.

"Amayi, Lachinayi kukubwera munthu woopsa. Amayenda ndi tepi ndi galasi loonera majeremusi. Akapeza kafumbi kamodzi, mpikisano wapita. Ku Blantyre bwalo lawo limawala moti anthu amapesa tsitsi akuyang'ana pansi."

Bwalo la ku Blantyre ndinali ndisanalionepo. Ndinangoona pa foni mabwalo a kunja, a m'nyumba aja, onyezimira ngati madzi.

Amayi anasiya kusankha nyemba. Muwadziwe amayi anga. Ndi amene amatsogolera gulu lokonza m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo simenti ya kutchalitchi kwathu ntchentche ikatera imagwa chagada. Kwa iwo mlendo kuponda pansi potuwa n'chimodzimodzi kumutukwana.

"Ndiye akochi akowo akuti mungosesa? Mlendo wochokera kutali, kusesa basi? Amuna!" Anapukusa mutu. "Kaitane amayi a kuseri. Uwauze asonkhanitse zotsala za makandulo."

Polishi wa kwathu sitigula m'sitolo. Mumasungunula makandulo m'chitini, kuphula pamoto, kuthira palafini, kuthira ufa wofiira uja wa pa simenti, n'kutakasa mpaka zikhale ngati chiponde. Ku Chikamveka nyumba iliyonse ili ndi tizidutswa ta makandulo ta masiku ozima magetsi. Tinadzaza ndowa.

Lachitatu, timu ili kuphiri, tinalowa pa geti ya koleji azimayi asanu ndi mmodzi ndi ine, mabeseni pamutu. Alonda amandidziwa, anangotsegula. Azimayi anamanga zitenje, n'kugwada mumzere kuchokera mbali iyi ya bwalo kufika inayo, sanza m'manja, nyimbo ya kwaya pakamwa. Anapaka bwalo lonse kusiya mizere yoyera yokha, ndipo anailambalala mosamala ngati akupeta nsalu. Dzuwa litaumitsa, aliyense anaponda burashi ndi phazi limodzi n'kuyamba kuyenda uku ndi uku, chiuno chikuthandiza. Ine ndinali kutsogolo, manja m'chiuno, kulamula.

"Apo sipanawale! Pakona apo mubwereze, abwana aja amayambira m'makona!"

Pomaliza bwalo linali lofiira psuu, phiri lonse la Zomba likuoneka m'menemo mozondoka. Alonda anavula chipewa.

"Zaka zonse ndagwira pano, izi sindinazione," anatero. "Koma mpira wake udzaseweredwa pomwepa?"

Funso labwino.

Lachinayi m'mawa amayi anavala chitenje chawo cha pa Khrisimasi kuti akalandire kuthokoza. Tinafika nthawi imodzi ndi timu. Atsikana ataona bwalo anangoti kakasi. Akochi anatsegula pakamwa, koma galimoto inali italowa kale pa geti.

Anatsika abwana onenepa bwino, jekete, nsapato zosongoka za chikopa, tepi m'manja. Galasi la majeremusi analibe. Anapereka moni n'kulunjika ku bwalo akukoka tepi. Phazi loyamba linalowa bwino. Lachiwiri linanyamuka lokha ulendo wa ku Liwonde. Ine ndimati anatsetsereka kuchokera pa mzere wakumapeto mpaka pansi pa neti, tepi ikuwatsata ngati mchira. Achemwali amati anali mamita awiri okha. Chomwe timagwirizana n'chakuti anathera pansi, miyendo m'mwamba, ndipo kumbuyo kwa buluku lawo kunafiira ngati kwa nyani.

Abwana ananunkhiza chikhatho.

"Palafini?"

Amayi anasendera pafupi, n'kupinda maondo mwaulemu. "Ndi kandulo, bambo. Takulandirani. Tinapaka kawiri."

Abwana anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwawa mpaka pa udzu n'kuimirira.

"Mayi, ntchito mwaigwira, sindinama. Kukanakhala kutchalitchi ndikanakuomberani m'manja. Koma pano ana amalumpha. Akatera pamenepa, tidzatolera miyendo m'mabeseni anuwo." Anatembenukira kwa akochi. "Ndikupita ku Songani kwa apongozi. Loweruka m'mawa ndidutsanso. Ndikapeza likuterera, ndiimbira a ku Blantyre ndili pomwe pano."

Galimoto itatuluka ndinkadikira kuti achemwali andikalipire. Bola akanatero. Anangondiyang'ana kuchokera kumwamba kwawo kuja.

"Ababa ukawauze wekha," anatero. "Dzulo anandiuza kuti ndiwasitire malaya."

Masana onsewo tinalimbana nalo bwalo. Tinayesa sopo ndi madzi ozizira, madzi ankangopanga timikanda n'kuthawa ngati pa tsamba la nthochi. Tinayesa mchenga, unkangogubuduka, kuterera n'kuwonjezeka. Amayi anangokhala pa udzu, chitenje cha Khrisimasi atachikunga m'maondo. Wowanamiza ndinali ine, koma manyazi anagwira iwo.

"Atsikana, mwina tingovomera," anatero akochi. "Ndiyambe kufunsa za basi."

"Akochi, musafunse basi ya wina aliyense," ndinatero. "Ndanena kuti mpikisano uli pano. Mneneri sabweza mawu."

"Mneneri wa palafini," anatero mtsikana wa naini uja.

Dzuwa likupendeka ndinawapeza ababa pakhonde. Malaya oyera aja anali pa msomali, pomwe akanatha kumawaona. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, koyamba m'moyo wanga osawonjezera kanthu. Nditafika pa buluku la abwana, phewa lawo lamanzere linayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti matenda abweranso. Ayi, ankaseka. Kuseka kwa mbali imodzi, misozi ikutsika, mpando ukulira.

Atapuma anandikoka dzanja. "Utuchi."

"Utuchi, ababa?"

"Wouma. Wa paini." Anadikira mawu ena. "Madzi otentha... kaye. Kenako utuchi. Pondani." Anandionetsa ndi phazi labwinolo, kupondaponda pa simenti. Ndinakumbuka zomwe ndinaona ndili mwana nditawapititsira chakudya: kuphiri mafuta a makina ochekera akatayika, sathira madzi, amathira utuchi, umamwa onse. "Anzanga. Kumtunda kwa damu. Pita."

"Ababa, pofika Loweruka bwalo limenelo likhala lokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Malayawo asachoke pa msomali."

"Usa... wonjeze," anatero.

Lachisanu kutangocha tinayamba kukwera, atsikana khumi ndi awiri ndi ine, matumba opanda kanthu m'manja. Chiperoni chinali chitatsika, nkhungu yoti ukatambasula dzanja zala umaziwerenga pamtima. Njira yachidule ya kuphiri ija si njira, ndi makwerero omwe anaiwala kuika popondera. Osewera ankakwera ngati mbuzi. Ine, katswiri wa kalendala, mapapo anatuluka kawiri ndikuwabwezera. Achemwali anali kutsogolo, osacheuka. Ndinalumbira mumtima kuti ngati n'kufa, ndikafere kumtunda, thumba litadzaza. Nkhawa yanga inali imodzi: ndi mvula ya mawawa imeneyi, utuchi wouma tikaupeza kuti?

Anzawo a ababa tinawapeza akuwotha moto pafupi ndi mulu wa matabwa. Nditanena kuti ndine mwana wa ndani, mkulu wina wa ndevu zoyera anaimirira.

"Ndiwe wamng'ono uja wabodza?"

"Wowonjezera, bambo. Bodza ndi lina."

"Ali bwanji amisiri?"

"Akufuna utuchi wouma."

Anaseka, n'kutitengera kuseri kwa shedi, komwe anaunjika utuchi pansi pa malata, wodikira anthu oweta nkhuku. Wouma gwa, wonunkhira ngati malaya a ababa akale. Atamva chifukwa chake anatidzazira okha matumba, akutsindira ndi maondo.

"Ukawauze kuti mpirawo ukabwera ku Zomba titsika tonse," anatero a ndevu zoyera. "Macheka apume tsiku limodzi."

Kutsika ndiye inali nkhondo. Thumba langa linkalemera ngati ng'ombe ya bere, njira ikuterera ngati nayonso amayi aipolisha. Ndinagwa katatu, koma thumba silinakhudze matope ngakhale kamodzi. Kachitatuko dzanja lina linandigwira pa kolala n'kundiimika ngati mwana wa mphaka. Anali achemwali. Kuyambira pamenepo sanandisiyenso m'mbuyo.

Pa bwalo tinapeza utsi. Amayi anali atabwera ndi azimayi omwe aja, mapoto akuluakulu a pa ukwati ali pa mafuwa, madzi akuwira.

"Chibadwire sindinachotsepo polishi dala," anatero amayi akumanga chitenje chakale. "Ili ndi tchimo. Tiyeni tichimwe msanga."

Tinagawa bwalo m'zigawo. Kuthira madzi otentha kuti kandulo afewe, kukhula ndi zidutswa za njerwa, kuwaza utuchi, kuponda. Atsikana onse, azimayi onse, akochi ndi kapusi yawo, ngakhale alonda, kupondaponda ngati tikuponda dothi loumbira njerwa. Utuchi unkalowa woyera n'kutuluka wofiira. Kusesa, kuyambiranso. Ulendo woyamba bwalo linkatererabe. Wachiwiri linayamba kuchita manyazi. Wachitatu zala zanga zinali zitafupika ndi theka, ndipo atsikana anadziponya chagada pa udzu n'kunena kuti zakwana.

"Sizinakwane," ndinatero.

Pakona ya kumanzere, mbali yomwe achemwali amasewera, panali pakunyezimirabe. Ndi pomwe paja ndinalamula kuti abwereze. Ndinagwada ndekha ndi njerwa yanga. Patapita kanthawi ndinamva njerwa ina ikukhula pambali panga.

"Ukukhula ngati ukusisita khanda," anatero achemwali. "Kanikiza."

Loweruka abwana anatsika galimoto atavala nsapato za mphira. Anaima pa udzu, n'kuyesa bwalo ndi nsonga ya phazi ngati munthu woyesa madzi osamba. Linali lotuwa, la mawangamawanga, lonyansa kuposa kale. Amayi anayang'ana kumbali.

"Anayambitsa za polishi ndani?"

Zala zonse za m'boma la Zomba zinaloza ine.

"Chabwino. Mwendo woyamba kuthyoka ukhale wako. Thamanga kuchokera uko, ukafika pa mzere uwu, ima."

Ndinathamanga, ndinaima. Bwalo linagwira.

"Pakona apo."

Ndinathamanga, ndinaima.

Anatsegula botolo lawo la madzi n'kukhuthulira pakona pomwepo. "Chiperoni sichipempha chilolezo. Bwereza."

Ndinabwerera mpaka ku mpanda. Ndinaganiza za malaya ali pa msomali. Ndinathamanga liwiro loti minibasi ya ku Blantyre ikanandipatsa njira, n'kuponda pamadzi paja ndi mphamvu zanga zonse. Nsapato zinaima nji. Amene sindinaime ndi ine. Ndinapitirira ndekha n'kutera ndi maondo, ndipo konkire anadya khungu lake bwinobwino, osasiyako.

Abwana anabwera, n'kuwerama. Anayang'ana maondo anga, anayang'ana pansi.

"Likuluma," anatero. "Bwalo labwino limaluma." Anatulutsa cholembera n'kusaina. Neti ndi mizere anayeza pambuyo pake, akuyenda pang'onopang'ono ngati ali pa ulalo wa mtengo umodzi.

Loweruka linalo ababa anavala malaya oyera. Tinawakweza pa njinga ya kabaza, ine mbali iyi, amayi mbali inayo, wakabaza akungokankha osapalasa. Kuchokera ku Chikamveka mpaka ku koleji tinayenda ngati ukwati. Tinawakhazika pa mpando pafupi ndi polo la neti, ndipo kumbuyo kwawo kunaima amuna asanu ndi atatu a utuchi m'tsitsi, omwe volebo sankaidziwa ngakhale pang'ono.

A ku Mangochi, manja atauma ndi kuzizira monga ndinanenera, tinawatulutsa msanga. A ku Blantyre anatulutsa a ku Mulanje. Tisanayambe masewero omaliza ndinalengeza kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti tipambana atatu kwa ziro. Maseti awiri oyamba tinatengadi. Kenako aulesi aja anadzuka, monga zinalembedwera pa kalendala yanga yomwe, yomwe mwini wakene ndinaiwala kuiwerenga. Anatenga seti yachitatu. Anatenga yachinayi.

Mu yachisanu mpira wina unagunda manja a mtsikana wathu n'kuthawira kunja, cha komwe kunali ababa. Achemwali anauthamangira n'kudziponya pakona yanga ija. Ndipo ndinamva mawu omwe ndinali ndisanawamve chaka chonse, athunthu, osadukiza:

"Kweza!"

Anaukweza. Ocheka matabwa onse analandira pomwepo, "Kweza! Kweza!", ngakhale mpira uli kwa a ku Blantyre, mpaka woimbira anachita kuwapempha kuti aleke.

Tinagonja ndi mapointi awiri. Apa sindiwonjeza, sindichotsa. Chikho chinakwera basi.

Achemwali anabwera kwa ababa maondo ali magazi ngati anga, n'kugwada, n'kubisa nkhope pa malaya oyera aja.

"Pepani, ababa."

Ababa anawagwira mutu ndi dzanja lamanzere, n'kudikira kuti mawu afike.

"Ndaona," anatero. "Zonse."

Amayi ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje akuyang'ana bwalo. "Alendo onsewa," ananong'ona, "pansi potuwa chonchi."

Titafika kunyumba ndinafuna kubwezera kalendala pakhoma mmene inkakhalira. Ababa anagogoda mpando ndi ndodo, n'kuzunguliza chala. Ndinaitembenuza, mizere yanga kunja. Ili chomwecho mpaka lero, ndipo m'nyumba mwathu ukafuna kudziwa tsiku umakafunsa kwa aneba.